Chipolopolo chimodzi chimatsalira m'mimba mwa mfuti

Amene tinagwirako ntchito m'minda ya mphesa ku Niagara tinazolowera kulira kwa "phuu!" kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndi timizinga ta gasi timene eni minda amatchera kuti mbalame zisamalize mphesa zikamapsa. Tsiku loyamba munthu umadzidzimuka mpaka kugwetsa bokosi, koma ikatha sabata sutembenukanso n'komwe. Khutu limakhala lazolowera.

Ndiye tsiku lopuma likafika timakwera sitima ya GO n'kukatsikira pa Union Station, pakatikati pa mzinda wa Toronto. Ena amakagula foni, ena amakatumiza ndalama kumudzi, ena amangokaona nyumba zitalizitali zija. Kumeneko kulibe mphesa, kulibenso mbalame zoti n'kuingitsa. Phokoso lotere likamveka kumeneko, makamaka likamalira motsatizana, phaa, phaa, phaa, khutu lozolowera lija likhoza kutipusitsa.

Mfuti imene imalira chonchi m'misewu ya mzindawu nthawi zambiri imakhala yaing'ono, yokwana m'thumba la jekete. Ndi pisitolo yodzilowetsera yokha chipolopolo, imene pa Chingerezi amati semi-automatic. Ambirife tinakula tikudziwa gogodera, mfuti ya alenje yothirira onga kukamwa, yowombera kamodzi kenako mwini wake n'kukhala pansi kuikonzanso. Iyi ndi ina. Lero tiisuzumira mkati. Cholinga si choti wina aphunzire kuwombera, ayi. M'kapangidwe kake muli kanthu kamodzi kamene kamaphetsa anthu osadziwa, ana ndi akulu omwe, ndipo malamulo okhudza mfutiyi angathe kudula ulendo wa munthu ku Canada kuno tsiku limodzi lokha.

Inkapangidwa mumzinda momwe muno

Mukatsika sitima pa Exhibition, siteshoni yoyamba kumadzulo kwa Union, n'kudutsa pansi pa njanji kulowera kumpoto, mufika ku Liberty Village. Lero kuli nyumba zosanjikizana, malo omwera khofi ndi achinyamata oyendetsa agalu pa chingwe. Koma m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pafupi ndi msewu wa Strachan Avenue panali fakitale yaikulu ya kampani ya John Inglis and Company. Munkagwira ntchito anthu masauzande ambiri, kuphatikizapo amayi ochuluka amene analowa m'malo mwa amuna opita kunkhondo. Ankapanga mfuti zikuluzikulu za mtundu wa Bren, ndipo kuyambira 1944 anayambanso kupanga pisitolo yotchedwa Browning Hi-Power.

Pisitoloyi si ya ku Canada. Anaiyamba ndi John Moses Browning, mmisiri wa mfuti wa ku America, amene anamwalira ku Belgium mu 1926 asanaimalize. Anaimaliza ndi Dieudonné Saive wa pa fakitale ya FN ku Herstal, m'dziko lomwelo la Belgium, ndipo inatuluka mu 1935. Asilikali a Germany atalanda Belgium mu 1940 analandanso fakitaleyo n'kuyamba kudzipangira mfutiyi. Saive anathawira ku England, kenako anadzathandiza a Inglis kuti aipange kuno. Ndiye nkhondo ili mkati, mbali zonse ziwiri zinali ndi pisitolo yofanana m'chiuno.

Pofika 1945, fakitale ya ku Toronto inali itapanga mapisitolo oposa 150,000, ena a asilikali a China, ena a Britain ndi Canada. Anali olimba moti asilikali a Canada anakhala nawo pafupifupi zaka 80, mpaka mu 2023 pamene anayamba kulandira atsopano a kampani ya SIG Sauer. Nkhondo itatha, Inglis inatembenukira ku makina ochapira zovala ndi katundu wina wa m'nyumba, mpaka fakitale ya ku Strachan Avenue inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Tayambira pamenepa chifukwa nzeru ya Browning ndi imene ili m'mapisitolo ambiri a masiku ano, kuphatikizapo Glock ya ku Austria imene apolisi a Toronto amanyamula. Glock inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, thupi lake ndi lapulasitiki yolimba, koma mkati imayenda mofanana ndithu ndi agogo ake aja a ku Strachan Avenue.

Zimene zili mkati

Pisitolo ili ndi mbali zinayi zikuluzikulu. Yoyamba ndi thupi, lomwe ndi chogwirira pamodzi ndi kachitsulo kokoka ndi chala, kamene ambiri timangoti thiriga. Yachiwiri ndi mpope, momwe chipolopolo chimadutsa. Kumbuyo kwa mpopewo kuli kachipinda kokwana chipolopolo chimodzi basi. Kachipinda kameneka tikakumbukire, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Yachitatu ndi chitsulo cholemera cha pamwamba chimene chimakuta mpope n'kumatsetsereka kupita kumbuyo ndi kutsogolo. Ichi amachitcha silaidi, ndipo pansi pake pali sipuling'i yamphamvu imene imachibweza kutsogolo nthawi zonse. Yachinayi ndi magazini, kabokosi kosungira zipolopolo kamene kamalowa m'chogwirira kuchokera pansi.

Magazini imagwira ntchito ngati kamakina komangira mapepala ka mu ofesi. Pansi pali sipuling'i yokankha, ndiye chipolopolo cha pamwamba chikachoka, chinzake chimakwera kudzalowa m'malo mwake. Magazini ya Hi-Power inkatenga zipolopolo 13, zomwe zinali zambiri pa nthawi imene mapisitolo ena ankatenga 7 kapena 8.

Nacho chimene timangochitcha chipolopolo si chinthu chimodzi. Pali khoko lachitsulo, nthawi zambiri la mtundu wachikasu. M'khokomo muli onga. Kutsogolo kuli kamutu kolemera, ndipo kameneka kokha ndi kamene kamauluka. Kumatako kwa khoko kuli kabatani kakang'ono kokhala ndi mankhwala oyaka akamenyedwa, monga mmene mutu wa machesi umayakira ukakhudzidwa mwamphamvu.

Tizigawo totsala n'tating'onoting'ono, koma ndi timene timayendetsa zonse. Pali kamsomali komenya kabatani kaja. M'mapisitolo ngati Hi-Power, kamsomaliko kamamenyedwa ndi kanyundo kooneka kumbuyo kwa mfuti. Mu Glock kanyundo mulibe, kamsomali kali ndi sipuling'i yakeyake ndipo sikaoneka kunja. Pali kachitsulo kogwira kanyundo kapena kamsomali kuti kasadumphe nthawi isanakwane. Amene munatcherapo diwa la mbewa mukudziwa kamtengo kakang'ono kamene kamagwira mwala wonse uja. Ntchito yake ndi yomweyo: mphamvu yonse yadikira pa kanthu kochepa, ndipo kakangosuntha pang'ono, basi zatha. Palinso kambedza kokola khoko m'mphepete, ndi kachitsulo kena kongoima pamalo amodzi kodikira kulikankhira kunja.

Chala chikakoka

Thiriga ikakokedwa imasuntha kachitsulo kogwira kaja. Kamsomali kamadumpha n'kumenya kabatani, kabatani kamayatsa onga, ndipo onga umapsa nthawi imodzi n'kusanduka mpweya wotentha wosowa kopita. Khomo lake ndi limodzi, kutsogolo, ndiye umakankha kamutu kaja kudutsa mumpope. Mkati mwa mpope muli timizere topota timene timazunguza kamutuko kuti kauluke mowongoka. Chipolopolo cha 9mm, chomwe n'chofala kwambiri, chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 350 pa sekondi imodzi. Chikapanda kugunda kanthu chimatha kukagwera mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Makoma a matabwa ndi timabolodi topyapyala, ngati a nyumba zambiri zogonamo antchito kumafamu, chimangoboola n'kupitirira kuchipinda china.

Mpaka apa palibe chosiyana kwenikweni ndi gogodera. Kusiyana kukubwera tsopano. Mphamvu imene yakankha kamutu kutsogolo imakankhanso khoko kumbuyo, ndipo Browning anaona kuti mphamvu yobwerera m'mbuyoyi isatayike, igwire ntchito imene dzanja la mlenje linkagwira. Poyamba mpope ndi silaidi zimakhala zolumana, ndipo zimabwerera limodzi kamtunda kochepa kwambiri kufikira kamutu katatuluka. Kenako kumbuyo kwa mpope kumatsika pang'ono, kulumana kuja n'kumasuka, silaidi n'kupitirira yokha. Popita kumbuyoko kambedza kamakoka khoko lopanda kanthu, khoko limagunda kachitsulo kodikira kaja n'kudumphira kunja chakumanja. Sipuling'i yaikulu imabweza silaidi kutsogolo, ndipo pobwerapo silaidi imakokolola chipolopolo cha pamwamba pa magazini n'kuchilowetsa m'kachipinda. Ikamafika kutsogolo, diwa lija latcheredwanso.

Zonsezi zimatha diso lisanaphethire. Munthu wangokoka chala kamodzi, koma mfuti yataya khoko, yatenga chipolopolo china, yadzitcheranso. Muli kachitsulo kena kamene kamaonetsetsa kuti chala chiyambe chamasuka kaye chisanawomberenso, n'chifukwa chake kukoka kamodzi kumatulutsa chipolopolo chimodzi, osati zonse nthawi imodzi ngati mfuti zankhondo. Koma chala cha munthu wamantha kapena wokwiya chimathamanga. Magazini yonse imatha m'masekondi owerengeka.

Chotsalira chija

Tsopano tiyerekeze kuti wina wachotsa magazini, wailoza m'mwamba n'kunena kuti: "Taonani, mulibe kanthu umu." Kodi akunena zoona?

Tabwererani pa zimene tafotokozazi. Silaidi ikabwerera kutsogolo imakhala yalowetsa kale chipolopolo m'kachipinda. Chimenecho sichilinso m'magazini, chili mumpope. Kuchotsa magazini kumachotsa zipolopolo zodikira pamzere, koma chimene chalowa kale chimatsala pomwepo, ndipo kunja simungachione. Mfuti imapepuka, pansi pa chogwirira pamaoneka dzenje, aliyense m'chipindamo amamasuka mtima. Wina n'kukoka thiriga mwachibwana.

Amisiri ena analiona vutoli kalekale. Hi-Power anaiika kachitsulo koletsa kuwombera magazini ikachotsedwa. Koma Glock ndi mapisitolo ena ambiri a lero alibe kachitsulo kotere, ndipo amawombera bwinobwino magazini ili patebulo. Glock ilibenso kabatani ka pambali kotsekera kamene timaona m'mafilimu. Zotetezera zake zili mkati, ndipo zonse zimamasuka zokha chala chikangokoka thiriga. Zimateteza mfuti ikagwa pansi, koma siziteteza ku chala cha mwana wofuna kuona kuti kanthuka kamatani. Ndipo munthu wongoitola sangadziwe poyang'ana kuti iyi ndi ya mtundu uti.

N'chifukwa chake pa maphunziro amene aliyense wofuna chiphaso cha mfuti ku Canada amayenera kuchita, lamulo loyambirira ndi loti mfuti iliyonse uziitenga ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale wina atalumbira kuti mulibe. Lachiwiri, kukamwa kwake kusaloze munthu. Lachitatu, chala chikhale kutali ndi thiriga. Amenewa ndi malamulo a anthu ophunzitsidwa. Kwa ife amene sitinaphunzire, lamulo ndi lalifupi: osaigwira.

Zitsulo zimasiya chizindikiro

Pali chifukwa china chosaigwirira, ndipo nachonso chikuchokera mkati momwemo. Kamsomali kakamenya kabatani kamasiya kadzenje. Kambedza kamasiya kachikanda m'mphepete mwa khoko. Timizere ta mumpope timadinda kamutu ka chipolopolo. Zizindikiro zimenezi zimasiyana pakati pa mfuti ina ndi inzake, ndipo akatswiri a ku Centre of Forensic Sciences, labotale ya boma la Ontario imene ili mu Toronto momwemo, amaziyerekeza pa makina oonera tinthu tating'ono. Apolisi a RCMP amasunganso zithunzi za zizindikirozi pa kompyuta, kuti khoko lotoledwa mumzinda wina lithe kufananizidwa ndi lotoledwa kwina.

Popeza pisitolo imataya khoko nthawi iliyonse ikawombera, paliponse pamene yalira imasiyapo umboni. Ndiye mfuti imene munthu akukupemphani kuti mumusungire "kwa masiku awiri okha" ikhoza kukhala ndi milandu itatu kumbuyo kwake, ya anthu amene simunawaonepo. Mukaigwira mwasiyapo zidindo za zala ndi thukuta lanu. Mapisitolo ambiri amene apolisi a ku Ontario amalanda n'kufufuza kumene anachokera amapezeka kuti analowa mozembetsa kuchokera ku United States. Ayenda m'manja ambiri, ndipo manja omaliza ndi amene amayankha mafunso.

Zimene Yonge Street inaona

Toronto ndi mzinda wabata poyerekeza ndi mizinda yambiri yofanana nayo kukula, ndipo sitikufuna wina asiye kupita kutauni chifukwa cha mantha. Koma zimene zinachitika pamalo amene timapondapo tiyenera kuzidziwa.

Mu 2005 anthu 52 anaphedwa ndi mfuti mumzindawu, moti chakacho anachitcha chaka cha mfuti. Pa 26 December, tsiku limene masitolo amatsitsa mitengo Khirisimasi ikatha, magulu awiri a anyamata anawomberana pa Yonge Street, pafupi ndi Eaton Centre, msewu utadzaza. Mtsikana wa zaka 15 amene ankangogula zinthu anafa, ndipo anthu ena 6 anavulala. Pa 2 June 2012 munthu mmodzi anawombera zipolopolo 14 m'malo odyera a mu Eaton Centre momwemo. Amuna awiri anamwalira, ndipo pakati pa ovulala panali mnyamata wa zaka 13 amene anali ndi amayi ake. Pa 22 July 2018, pa Danforth Avenue chakum'mawa, munthu wina anapha mtsikana wa zaka 18 ndi mwana wa zaka 10, n'kuvulaza anthu 13, ndi pisitolo ya Smith & Wesson imene inabedwa ku Saskatchewan. Pa 17 June 2019, khamu likusangalalira chikho cha timu ya Raptors pafupi ndi Nathan Phillips Square, anthu anayi anawomberedwa.

Ambiri mwa ovulala pa zochitika zonsezi sankadziwa n'komwe chimene chinayambitsa. Anangopezeka panjira ya chipolopolo. Mfuti yodzitchera yokha imalola munthu mmodzi kumwaza zipolopolo zambiri anthu asanazindikire kuti phokosolo n'lachiyani.

Lamulo, ndi mapepala athu

Ku Canada palibe amene amaloledwa kukhala ndi mfuti popanda chiphaso, ndipo pisitolo imafuna chiphaso chapadera komanso kulembetsedwa. Mwini wake ayenera kuisunga yopanda zipolopolo, yokhoma, m'bokosi lokhomanso kapena m'sefa. Saloledwa kuyenda nayo m'chiuno kutauni. Magazini ya pisitolo siyenera kutenga zipolopolo zoposa 10, ndipo mapisitolo a mpope waufupi, wa mamilimita 105 kutsika m'munsi, ndi oletsedwa. Kuyambira pa 21 October 2022 anthu wamba saloledwanso kugula, kugulitsa kapena kupatsana mapisitolo, kupatula ochepa monga ochita mipikisano ya Olympics ndi alonda ena ovomerezeka. Lamulo la C-21, limene linavomerezedwa pa 15 December 2023, linakhazikitsa chiletsochi ndipo linakweza chilango cha milandu ingapo ya mfuti kuchoka pa zaka 10 kufika pa 14.

Tanthauzo lake n'losavuta: munthu akakuonetsani pisitolo m'galimoto, m'bala kapena m'nyumba yogonamo antchito, n'kunena kuti akugulitsa, palibe njira imene malondawo angakhalire ovomerezeka.

Pali mbali ziwiri za lamulo zimene zimatikhudza ife kwambiri. Yoyamba ndi yosungira wina. Lamulo la milandu limati chinthu chimene wasunga ukudziwa, ngakhale n'cha mnzako, chili m'manja mwako. Kupezeka ndi pisitolo yokhala ndi zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu wofika zaka 14 m'ndende. Mawu oti "si yanga, ndimangomusungira achimwene" si chitetezo, ndi kuvomera kumene. Yachiwiri ndi ya galimoto. Ambirife tilibe galimoto zathu, timadalira kukwezedwa. Gawo 94 la lamulo lomwelo limati ndi mlandu kukhala m'galimoto ukudziwa kuti muli mfuti yopanda chilolezo, ndipo chilango chikhoza kufika zaka 10. Gawo lomweli limateteza munthu amene atangozindikira anatsika, kapena anayesetsa kutsika mmene zikanathekera. Ndiye mukaiona, musadikire kuti mufike kaye kumene mukupita. Pemphani kutsika pamalo oyamba otetezeka, ngakhale muchedwe kapena muwononge ndalama ya basi.

Nzika ya Canada ikamaliza chilango imabwerera kunyumba kwake. Ife zathu n'zina. Lamulo loona za anthu olowa m'dziko limati mlendo, ngati wa chilolezo cha ntchito, akapezeka wolakwa pa mlandu waukulu saloledwanso kukhala m'dziko muno. Ngakhale amene analandira kale mapepala okhala mpaka kalekale akhoza kuchotsedwa ngati mlanduwo uli ndi chilango chofika zaka 10, kapena ngati walamulidwa kukhala m'ndende miyezi yoposa 6. Milandu ya pisitolo imene tatchulayi ili m'gulu limeneli. Fizi ya ana ku Dedza kapena ku Chipata, malata a nyumba yosamaliza, feteleza wa chaka chino, zonse zikhoza kuima chifukwa cha kathumba kamene wina anaika pansi pa bedi lathu.

Kumafamu nako tisamale. Alimi ambiri ali ndi mfuti zazitali zovomerezeka zoopsezera zilombo. Bwana akakutumani kuti mukaitenge kapena muwombere nokha iye kulibe, lamulo silikulolani ngati mulibe chiphaso. Wopanda chiphaso amaloledwa kugwira mfuti pokhapokha mwini chiphaso ali pambali pake penipeni akumuyang'anira. Kukana mwaulemu si mwano.

Nazo mfuti zoseweretsa ndi zowombera timipira tating'ono, zambiri amazipanga mofanana kwambiri ndi zenizeni, ndipo wapolisi akakhala patali sangasiyanitse. Mu May 2022 ku Scarborough apolisi anawombera n'kupha munthu amene ankayenda ndi mfuti pafupi ndi sukulu, ndipo pambuyo pake inapezeka kuti inali ya timipira. Makolo, mwana akapempha mphatso yotere, mufunireni ina.

Mukaipeza, mukaimva

Mfuti zimatayidwa m'tchire la m'mbali mwa msewu, m'mabini, m'mipanda ya maluwa, ngakhale m'ngalande za kumunda. Mukaiona, musaitole, musaikankhe ndi phazi, musaikutire m'nsalu kuti mukapereke kupolisi. Apolisi a Toronto amanena okha kuti munthu asabwere ndi mfuti kusiteshoni, aimbe foni iwo adzatenge. Chotsani ana, imani patali, imbani. Ngati pali ngozi kapena ili poyera pamene wina angaitole, nambala ndi 911, ndipo Chingerezi chikavuta nenani chilankhulo chanu kuti ayese kukupezerani womasulira. Ngati palibe changu, apolisi a Toronto amayankha pa 416-808-2222, ndipo a OPP, amene amayang'anira madera ambiri a kumafamu, pa 1-888-310-1122. Amene akudziwa kanthu koma akuopa kudziwika aimbe Crime Stoppers pa 1-800-222-8477. Kumeneko safunsa dzina.

Mukamva kulira kwa mfuti muli kutauni, musaime kuti mutsimikize, musatulutse foni kuti mujambule. Thawirani kutali ndi phokosolo ngati njira ilipo. Ngati palibe, gonani pansi kuseri kwa chinthu cholimba, monga khoma la simenti kapena mbali ya galimoto imene kuli injini. Chitseko cha galimoto ndi galasi la sitolo siziimitsa chipolopolo. Phokoso likaleka musathamangire kukaona, chifukwa kusintha magazini kumatenga masekondi ochepa. Apolisi akafika, manja anu azioneka ndipo mukhale mulibe kanthu.

Ngati zavuta mpaka mwagwidwa, malamulo a Canada amapereka kwa aliyense, nzika kapena mlendo, ufulu wolankhula ndi loya mosachedwa, ndipo pali loya waulere wa Legal Aid Ontario amene amayankha pa foni. Kukhoti muli ndi ufulu wa womasulira. Muuzeni loyayo poyambirira pomwe kuti muli pa chilolezo cha ntchito, ndipo musavomere mlandu kuti "zithe msanga" musanamve zimene kuvomerako kungachite ku mapepala anu. Safunsa anadya phula.

Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa akudziwa bwino mmene mfuti zimatsalira pakati pa anthu mfuti zitaleka kulira. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, zambiri zinakwiriridwa m'minda, zina zinaoloka malire n'kulowa m'Malawi ndi m'Zambia. Mu 1995 bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti n'kumapereka makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Toronto nayo inachitapo zofanana mu 2019: apolisi ankapereka madola 350 pa pisitolo ndi 200 pa mfuti yaitali, ndipo m'masabata atatu analandira mfuti zoposa 3,100. Zambiri zinali zongokhala m'nyumba za anthu, kudikira wakuba kapena mwana wachidwi.

Ife tinabwera kuno ndi manja ogwira khasu, ndipo ndi manja omwewo amene akudyetsa mabanja kumudzi. Madzulo ano, pakudya nsima kapena poimba foni kunyumba, tiwauze ana ndi anzathu ongofika kumene mfundo imodzi yokhayi: pisitolo imadzilowetsera yokha chipolopolo, ndipo magazini ikachotsedwa chimodzi chimatsalira mkati. Aliyense amene anene kuti mulibe kanthu, kaya ndi mnzathu wa pamtima, kaya ndi wamkulu kwa ife, tisatsutsane naye. Tingotenga ana n'kutuluka panja.